Woyankha Makalata a Malemu

Ku White City, kuseri kwa nyumba ina yopaka utoto wobiriwira, kunali kachipinda ka malata komwe Ethel Kalimbuka ankasokeramo zovala. Amalawi amene anakhalako ku Gaborone zaka zimenezo amamukumbuka: mayi wamfupi, wa mawu ochepa, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale popita kukagula tomato. Amayi a Chitswana ankabwera ndi nsalu zawo za ukwati, iye n'kuwalonjera ndi ka "Dumela mma" kake, Chitswana chake n'kuthera pomwepo. Zotsalazo ankakambirana ndi manja ndi choko, koma diresi linkatuluka lokwana ngati munthu wabadwa nalo.

Anafika m'chaka cha 1999 potsatira mwamuna wake, Hector, munthu wamtali wowonda wa ku Ntcheu, amene anapeza ntchito pa kampani ina yosindikiza makalendala ndi zikwangwani ku Fairgrounds. Hector anali munthu wabwino, koma tinene zoona, anali ndi nthenda yake. Loweruka amuna anzake ankawotcha nyama n'kumatsutsana za mpira ndi ndale za kumudzi. Iye ankakwera kombi, minibasi ya kumeneko, m'mawa, kadisiki m'thumba la malaya, ulendo wa ku malo a intaneti a mayi wina dzina lake Hazel, pafupi ndi siteshoni ya mabasi, kukagwira ntchito imene panalibe amene anamulemba. Ethel ataona kuti akapanda kumutsatira ndiye kuti mwamuna wake azimuona Lamlungu lokha, anayamba kunyamula masiketi ofunika kupinda m'mphepete n'kukakhala pambali pake. Anachita zimenezi zaka zisanu.

Chimene Hector ankagwirapo ntchito ankachitcha laibulale, ngakhale munalibe buku ndi limodzi lomwe. Unali mulu wa malangizo olembedwa m'chinenero cha makompyuta, ouza makina mmene angajambulire mzere, bwalo, chilembo ndi mtundu. Aliyense wopanga pulogalamu ya mapu kapena ya zithunzi ankangotenga n'kugwiritsa ntchito, popanda kupempha. Aliyense ankaloledwanso kutsegula n'kuona mmene zinalembedwera, ngati momwe telala amatembenuzira chovala kuti aone msoko. Ankaisamala anthu khumi ndi awiri omwazikana m'mayiko osiyanasiyana, osadziwana nkhope, ongolemberana makalata pa intaneti. Wamkulu wawo anali bambo wina dzina lake Wilfred, wa ku dziko lina lozizira. Popeza mutu umodzi susenza denga, aliyense anali ndi gawo lake, ndipo panali tsamba lolembapo mayina: gawo lakuti wosunga ndi uje, likavuta mulembereni iyeyo.

Gawo la Hector linali la mizere yodukaduka. Inde, mizere yomwe ija imene pa mapu imasonyeza kanjira ka miyendo, ndipo pa pepala imasonyeza podula ndi sizasi. Munthu wamkulu, wandevu, zaka zisanu pa timizere! Koma mmene analipezera gawolo ndi nkhani imene Ethel ankanyadira chamumtima. Tsiku lina Hector anasindikiza bokosi la mizere yotereyi n'kumuonetsa mkazi wake. Ethel anangoliyang'ana kamodzi.

"Amene wasoka apa sadziwa ntchito."

"Ndi kompyutatu imeneyi, mayi."

"Ndiye iuzeni. Taonani pakona, pali mpata. Singano imayenera kugwera pakona penipeni, kenako ndiye utembenuze nsalu. Ukaona kuti sufika, umayamba kuchepetsa pang'onopang'ono ukadali kutali, munthu osazindikira."

Hector anaseka mpaka Hazel anatembenuka pa tebulo lake. Patatha miyezi itatu anatumiza kwa Wilfred malangizo ochita ndendende zimene Ethel ananena. Anthu anakondwera nazo, ndipo dzina lakuti Hector Kalimbuka linalembedwa pa tsamba lija.

Laibulaleyo inali ndi lamulo limodzi limene Hector ankaliopa kuposa apolisi oona za mapepala a alendo. Wosunga gawo akakhala masiku makumi asanu ndi limodzi osayankha makalata, gawo lake ankalilengeza kuti latsala lamasiye, dzina lake n'kulichotsa, gawolo n'kupatsidwa wina. N'chifukwa chake Hector sankaphonya Loweruka, kaya kukhale chimfine, kaya Khirisimasi. Kalata iliyonse yodandaula ankayamba wayiyankha ndi mawu ochepa a Chingerezi, otanthauza kuti walandira ndipo akuyang'ana. Kenako m'kati mwa sabata ankakonza chovutacho pa kompyuta yakale ya kunyumba, Loweruka linalo n'kutumiza.

Ana Mulungu sanawapatse. Anthu analankhula, paja pakamwa pa Amalawi sipafuna pasipoti. Mijedo inkachoka ku White City n'kukafika ku Ntcheu basi isanafike. Hector sankayankha. Kamodzi kokha, ali mu kombi pobwerera kunyumba, anagwira dzanja la mkazi wake n'kunena motsitsa mawu kuti, "Asiyeni. Chimene tinapanga awirife chikuyenda m'mayiko amene iwo sadzapondako."

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Epulo 2006 Hector anabwera kuchokera kuntchito akudandaula mutu. Mawa lake sankathanso kutembenuza khosi. Anagona m'chipatala masiku atatu, lachinayi n'kutsirizika, asananene mawu otsanzika ngakhale amodzi. Amalawi a mu Gaborone anasonkhana monga amachitira, nanyamula thupi kudzera ku Zambia mpaka ku Ntcheu. Maliro atatha, abale anamuuza Ethel kuti akhale kumudzi miyezi ingapo mtima uyambe wakhazikika. Iye anakana. Ananena kuti kuli madiresi a anthu amene anasiya osamaliza, koma limeneli linali bodza. Chiyambire tsiku la maliro ankawerenga masiku pa zala, ndipo anatsika basi mu Gaborone pa tsiku la 51, kutatsala masiku ochepa kuti lamulo lija limugwire Hector.

Loweruka lotsatira anakwera kombi yekha. Hazel, mwini malo a intaneti uja, anali mayi wobadwira ku Zimbabwe kwa bambo wa ku Mulanje, ndipo Chichewa chake chinkatuluka chosakaniza ndi Chishona. Atamuona Ethel atavala zakuda anadzuka n'kumukumbatira.

"Maiwe, sisi Ethel. Sorry, sorry. Zvakaoma, n'zowawa izi."

"Zikomo. Ndipatseni kompyuta ya pakona ija."

Hazel anadabwa, koma anamuyatsira kompyutayo. Mawu achinsinsi otsegulira bokosi la makalata Ethel anali nawo, chifukwa Hector anawalemba m'kati mwa chivundikiro cha makina osokera, ati mkazi wake sataya chinthu. Ethel anawalemba pa kompyutapo ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi. Bokosi linatseguka. Munali makalata makumi awiri ndi atatu, ndipo iliyonse inkayamba ndi mawu amodzi omwewo: Hector.

Ethel anagwira tebulo. Kwa milungu isanu ndi iwiri aliyense ankati "malemu", "omwe atisiya aja", "amuna anu aja". Apa panali anthu amene ankamuitana ndi dzina lake ngati munthu amene ali m'chipinda chinacho. Wina ankafunsa funso, wina ankathokoza, wina ankachita nthabwala za kutentha kwa ku Botswana. Anawerenga onse pang'onopang'ono ndi Chingerezi chake cha Fomu 2, zambiri osazimva, koma dzina lokhalo ankalimva bwino lomwe.

Anabwera ndi maganizo owauza za maliro. Mulungu ndi mboni, anabwera ndi maganizo amenewo. Koma ankadziwanso chimene chidzatsatire: dzina lichotsedwa pa tsamba, gawo lipatsidwa mlendo, ndipo makalata asiya kubwera. Anatsegula makalata akale amene Hector anatumiza, napeza mawu ake aja a nthawi zonse. Anawakopera pa kapepala ka muyezo wa diresi la munthu wina, n'kuyamba kuwalemba pansi pa kalata iliyonse. Ndalandira, ndikuyang'ana. Hector. Analemba kokwana makumi awiri ndi katatu, ndipo masiku makumi asanu ndi limodzi aja anayambiranso poyamba.

Umu ndi mmene unakhalira moyo wa Ethel chaka chimenecho. Lolemba mpaka Lachisanu ankapalasa makina, kudula, kusita, kumwetulira makasitomala. Nyumba inali zii, kompyuta yakale ija ataiphimba ndi chitenje. Loweruka ankasamba m'mamawa, n'kudzola mafuta, n'kukwera kombi ngati munthu wopita kukaona wodwala amene akupezako bwino. Kwa ola limodzi mwamuna wake ankakhala ndi moyo. Anthu ankamufuna, ankamudikira, ena ankamukwiyira pang'ono, ndipo ngakhale kukwiyako kunkamusangalatsa Ethel, chifukwa wakufa palibe amene amamukwiyira kuti wachedwa.

Hazel anazindikira mwezi wachiwiri. Tsiku lina pobweretsa tiyi anaona zimene zinali pa galasi la kompyuta.

"Sisi, mukuyankha ngati ndinu a Hector?"

"Ndikungowasungira malo."

"Kuwasungira mpaka liti? Shuwa, this is not right."

"Hazel, tiyi ndalandira. Zikomo."

Hazel anabwerera pa tebulo lake. Nayenso anali ataikapo mwamuna, ndipo ankadziwa kuti namfedwa sumulanda ndodo imene akuyendera, ngakhale ikhale yokhota.

Mu Seputembala munayamba kubwera makalata a mayi wina dzina lake Asha, wa ku Tanzania. Ankajambula mapu a midzi, othandiza anthu a zaumoyo oyenda pa njinga kupeza nyumba za odwala. Anadandaula kuti chisinthireni zina mu laibulale, pamene kanjira kakhota kwambiri mizere yodukaduka ija ikumazimiririka ikasindikizidwa, moti pa pepala pakuoneka ngati palibe njira. Anatumiza ndi chithunzi chomwe. Ethel anachiyang'ana, ndipo mtima unamupweteka, chifukwa vutolo analiona nthawi yomweyo. Telala aliyense amadziwa kuti pokhota posongoka sungapitirize ndi msoko wautali; umafupikitsa, apo ayi nsalu imakwinyika ndipo ulusi umadumpha. Akanakhala Hector pambali pake akanangomugwira pamkono n'kumuuza, Loweruka linalo zinthu zikanakhala zitatheka. Koma chinenero cha makinacho iye sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Analemba mawu ake aja: ndalandira, ndikuyang'ana.

Asha analembanso mu Okutobala, mwaulemu. Analembanso mu Novembala, kunena kuti mvula yayamba ndipo anamwino awiri anazungulira phiri lonse chifukwa njira yachidule sinaoneke pa mapu. Analemba mu Disembala kufunsa ngati Hector angamulole kuti ayese kukonza yekha. Koma mwa mwambo wa laibulaleyo, kanthu kalikonse kolowa m'gawo la munthu kankafunika kuti wosungayo akaone n'kuvomereza, ndipo Ethel sankadziwa kuti kuvomerezako amachita bwanji. Nthawi zonse yankho linali lomwe lija. Masiku amenewo ankatuluka kwa Hazel mutu uli pansi, n'kumadziuza kuti sabata yamawa anena zoona. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Loweruka lachiwiri la Januwale 2007 anapeza kalata yaitali ya Wilfred. Sanalembere Hector yekha, koma onse khumi ndi awiri, ndi aliyense wowerenga makalata a laibulaleyo. Chingerezi chake chinali chothina, ndipo Ethel anaitana Hazel kuti amumasulire. Hazel anawerenga chamumtima kaye, kenako anakoka mpando.

"Ndinene zonse?"

"Nenani zonse."

"Akuti kwa miyezi isanu ndi inayi Hector sanakonze kanthu ngakhale kamodzi. Akuti akumangoyankha kuti lamulo la masiku lija lisamugwire. Akuti munthu akatopa palibe cholakwa, amangonena, anzake n'kumulandira katundu. Koma kukakamira dzina pa tsamba uku anthu akuvutika, chimenecho ndi chinyengo." Hazel analoza mzere wotsiriza. "Pomaliza akuti, Hector amene ine ndinkamudziwa sanali wabodza. Sindikudziwa kuti chamusintha n'chiyani."

Pansi pake ena anali atayankha kale. Wina anati anthu ena amakonda ulemu kuposa ntchito. Wina anati iye anasiya kalekale kumukhulupirira munthu ameneyu.

Ethel anamva ngati amuthira madzi otentha. Hector amene sanaphonyepo Loweruka. Hector amene anapita kwa Hazel ali ndi malungo, atafunda bulangeti, kuti mlendo wa kutsidya kwa nyanja asadikire yankho. Munthu ameneyo lero ankatchedwa wachinyengo pamaso pa dziko, ali m'manda ku Ntcheu, osatha kudziyankhira. Ndipo amene anamuveka chovala chonyansacho sanali mdani. Anali mkazi wake, ndi chala chake chimodzi chija.

"Ndawaipitsira mbiri amuna anga," anatero. "Ndimati ndikuwasunga."

"Mukhoza kukonza, sisi."

"Ndikakonza awachotsa."

"Ehe. Awachotsa."

Panja makondakitala ankaitanira anthu a ku Metsimotlhabe, ndipo pa kompyuta yoyandikana nayo mayi wina ankaseka ndi zithunzi za ukwati. Panalibe njira yachitatu. Dzina likanatha kukhala pa tsamba lili lodetsedwa, kapena kuchokapo lili loyera. Pomaliza anauza Hazel kuti alembe, iye azinena m'Chichewa.

Kalatayo inali yaifupi. Inati: Ine ndine Ethel, mkazi wa Hector. Amuna anga anamwalira pa 19 Epulo chaka chatha. Makalata onse kuyambira mu Juni ndinkayankha ndine. Iwo sananamepo kwa inu ngakhale kamodzi, wabodza ndine. Ndinkaopa kuti mukadziwa musiya kuwalembera. Mayi Asha, ndikhululukireni, ndi anamwino anu omwe. Ine ndine telala, za makina anuwo sindidziwa, koma pokhota posongoka fupikitsani msoko.

Hazel anafunsa ngati atumize. Ethel anati ayi, atumiza yekha. Anadina batani ndi chala chake chimodzi chija.

Loweruka lotsatira bokosi linali lodzaza kuposa kale lonse. Makalata makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, ochokera ku mayiko amene ena Ethel anali asanawamvepo. Wilfred analemba kawiri. Anati wachita manyazi ndi mawu ake ndipo wawabweza pamaso pa onse. Anati kwa zaka zisanu ankalakalaka atadzagwirana chanza ndi Hector. Uja amene anati anasiya kumukhulupirira Hector anapepesa m'mizere itatu. Asha anati sanasunge mangawa, kuti anayesa zofupikitsa zija ndipo njira zayamba kuoneka. Onse ankamuyamikira Hector, ndipo mbiri yake inayera kuposa poyamba. Koma makalata onsewo ankayamba ndi "Mayi Kalimbuka". Za Hector ankanena kuti anali, ankachita, tidzamukumbuka.

Kumapeto kwa kalata yake yachiwiri Wilfred anafotokoza mofatsa zimene Ethel ankadziwa kale. Gawo silingakhale lopanda wolisunga. Asha wavomera kulitenga. Zimene Hector analemba zikhalabe momwemo, ndipo dzina lake aliika pa mndandanda wa amene anathandizapo kale. Madandaulo onse kuyambira tsopano azipita kwa Asha, kuti mayi asavutikenso.

Kuti asavutikenso. Ethel anawerenga mawu amenewo katatu.

Sabata yotsatira kunabwera makalata asanu ndi anayi a anthu ochedwa kumva. Inayo, awiri. Loweruka lachiwiri la Febuluwale anasamba m'mamawa monga mwa masiku onse, nakwera kombi, nakhala pa kompyuta ya pakona. Analemba mawu achinsinsi aja. Bokosi linatseguka, ndipo munalibe kalata yatsopano ndi imodzi yomwe.

Anatsegula tsamba la mayina. Pa mzere wa mizere yodukaduka panali dzina la Asha, lolembedwa bwinobwino ngati linakhalapo chiyambire. Anabwerera ku bokosi n'kudina kuti lifufuzenso. Palibe. Anadikira pang'ono, nadinanso.

Ola litatha Hazel anabwera n'kuima kumbuyo kwake.

"Nditseke, sisi?"

"Dikirani kaye. Kwawoko mwina sikunache."

Hazel anamusiya. Anthu ankalowa ndi kutuluka, dzuwa linafika pamutu, malata a denga n'kuyamba kulira ndi kutentha. Ethel anadinabe, mphindi zingapo zilizonse, mpaka nthawi yotseka itakwana ndipo makompyuta ena onse atazimitsidwa. Hazel anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"Palibenso amene akuwaitana, Hazel," Ethel anatero. "Dziko lonseli, palibe."

Bokosilo sanalitseke. Anaweramira pa tebulo, nkhope m'manja, n'kulira mokweza ngati uthenga wa maliro wangofika kumene, akuitana dzina la mwamuna wake. Hazel anadzuka, natseka chitseko cha kumsewu kuti odutsa asaone, kenako anazimitsa kompyutayo.